Impso Zanga ndi Botolo la Kochi

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, anatithamangitsa mtunda wautali: kutuluka pageti, kuzungulira dambo, kubwerera. Ine ndinathamanga mpaka pamabulugamu, n'kulowa patchire, n'kukhala pansi. Ndinkafuna kuti gulu likamabwerera ndilowe pakati, pomwe pamakhala anthu osawerengedwa. Nditamva mapazi ndinatuluka, osadziwa kuti anali a anyamata awiri otsogola. Ndinamaliza wachitatu pasukulu yonse. Ahedi anandigwira chanza n'kundiika m'timu, ndipo patapita milungu iwiri ndinasanza pamaso pa masukulu asanu ndi imodzi ndisanamalize kilomita. Palibe anandifunsa, nanenso sindinauze munthu. Ndakumbuka zimenezi lero pomwe amandikankha panjinga ya odwala, miyendo itakana.

Pamutu pa bedi alemba kuti Stafford Alfazema, zaka 47, bedi 4. Wodi ndi ya mabedi asanu ndi limodzi. Mkazi wanga Joan wandigulira kope ili kuti ndizilembamo madzi amene ndamwa ndi mkodzo umene watuluka, monga analamula asista. Kutsogolo ndizilemba zawozo, kumbuyo kuno zanga.

Ndilembe mwadongosolo, poti ntchito yanga ndi ya mulabu, yoyeza mafuta ophikira kufakitale ku Makata. M'mwezi wa Malichi atatiyeza kuntchito anandipeza ndi mafuta ochuluka m'magazi. Anandipatsa simvasitatini, 40 mg, piritsi limodzi madzulo aliwonse, n'kundiuza kuti ndiziyenda theka la ola patsiku, ndiziwonjezera pang'onopang'ono, ndizimwa madzi. Ndinatero miyezi isanu ndi umodzi, kuchokera kunyumba ku Chigumula kukafika pamsika n'kubwerera. Mu Seputembala mafuta anali atatsika. Zonse zinkayenda bwino, ndipo n'zimene munthu ngati ine sangazipirire.

Peterson wa kumalonda anandiona ali m'galimoto, n'kukalengeza kukantini kuti, "Ndawaona a Alfazema ku Chigumula, akuyenda ngati akusaka nkhuku yotayika." Anthu anaseka. Mlungu womwewo ndinalowa gulu la masewera olimbitsa thupi la Kochi Macdonald, kumene Peterson amapita.

Loweruka lapitali Kochi anatikweza phiri la Soche nthawi ya 10 koloko, dzuwa la Okutobala ili. Aliyense thumba la mchenga kumsana, chijumbo chakuda mkati mwa malaya kuti thukuta lituluke. Madzi anati timwa pamwamba, chifukwa ukamwa m'njira mafuta amabwerera. Pamwambapo, kudumpha ngati achule ka 200. Ndili ndi digiri ya kemisitiri, ndipo ndinavala jumbo.

Lamulungu ntchafu zinauma ngati nkhuni. Lolemba mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka. Lero ndalephera kudzuka pachimbudzi.

Dokotala Amidu ndi mayi wachitsikana, wamagalasi, wolankhula mwachangu. Akuti minofu yaphwanyika, ndipo zotuluka m'minofumo zikutseka impso. CK, chizindikiro cha minofu yophwanyika, ili pa 38,000. Ya munthu wabwinobwino sipitirira 200. Kiriyatinini, nyansi zimene impso zimayenera kutaya, ili pa 310. Simvasitatini asiyitsa. Dripi usana ndi usiku.

"Kupatula simvasitatini, pali china chomwe mumamwa? Mankhwala achifuwa, azitsamba, achikuda?"

"Ayi."

"Bambo, ganizani bwino."

"Adokotala, ine ndimagwira mulabu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kulemba. Zoona zake n'zakuti kwa milungu itatu ndakhala ndikumwa makapisozi ofiira amene Kochi amagulitsa, awiri m'mawa uliwonse, akuti osungunula mafuta. Botolo latsala kunyumba, ndipo ndasiya. Ndi mavitamini chabe. Sindikuona chifukwa chodzichotsera ulemu pamaso pa mwana amene anabadwa ine ndili kale kusekondale.

Lachitatu, 18 Okutobala

Andiika paipi ya mkodzo. Sindilemba zambiri za imeneyo.

Dzulo analowetsa malita asanu a madzi, anatuluka 900 ml okha. Nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata andiletsa chifukwa cha potaziyamu. Joan wabwera ndi phala m'fulasiki 6 koloko m'mawa. Ndi chokhacho chikulowa.

Masana kwabwera Kochi mwini wake. Kamalaya kothina, fungo la perefyumu kuyambira pakhomo, mikono itatambalala ngati wapanira mavwende m'khwapa.

"Bigi! Msilikali wanga! Mwatani kodi?"

Ndinaloza thumba la mkodzo. Analiyang'ana ngati katswiri.

"Mukuona? Dothi lonselo linali m'thupi. Mukamva kuwawa, bigi, ndi mafuta akutsanzika. Vuto ndi mapiritsi achizungu aja, ine ndinkadziwa."

Kenako anagwada pambali pa bedi, n'kukweza foni, n'kutijambula, iye atakweza chala chachikulu. Chithunzicho chili kale pagulupu ndi mawu akuti tiwapempherere a Alfazema. Anthu khumi ndi awiri aikapo timanja topemphera. Palibe wafunsa ngati Loweruka likubwerali akweranso phiri ndi majumbo. Akwera.

Munthu ameneyu anasiyira sukulu Fomu 3. Amatchula chiwindi akuloza pamene pali impso. Ndakhala ndikumutcha Kochi, ndi ulemu wonse, mwezi wathunthu. Potuluka, Joan anamuperekeza mpaka pakhonde n'kukhalitsa. Akuti ndi mnyamata waulemu.

Lachinayi, 19 Okutobala

CK 21,000. Kiriyatinini 388. Yoyambayo yatsika, yachiwiriyo yakwera. Dokotala Amidu akuti impso zimachedwa kuyankha, tidikire. Akuti CK iyenera kumatsika pafupifupi ndi theka tsiku lililonse poti piritsi tasiya.

Pabedi 3 pali Che Nasoro, dalaivala wa mathiraki wopuma, wa ku Limbe. Ali ndi shuga, ndipo anawadula chala chaphazi. Zaka makumi atatu pamsewu wa ku Beira, ndipo akufuna kundifotokozera kilomita iliyonse.

"Alfazema? Dzina la kutsidya ilo. Kwanu ndi ku Tete?"

"Agogo anachokera ku Milanje."

"Ndiye agogo anu anawoloka mapiri wapansi, katundu pamutu, osadwala. Inu kaphiri ka Soche kakugonekani. Mumakatenga chiyani pamwambapo?"

"Palibe."

"Mchengawo munakausiya kumeneko?"

"Tinatsika nawo."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwafotokozera akazi awo, a Aminatu, m'Chiyao. Nawonso anaseka atabisa pakamwa ndi mpango. Tsopano akunditcha a Kemisiti.

Phala la lero ndi lofiirira. Joan akuti wasakanizako ufa wa mawere. Likuwawirako pang'ono, koma chilichonse chikundiwawira mkamwa masiku ano.

Lachisanu, 20 Okutobala

Alowa malita anayi, atuluka 1,100 ml. Mapazi atupa. Dripi achepetsa.

Lero kunali zisudzo. Sista Angelina, amene amayendetsa wodi ino ngati polisi, anawerama kuti akonze nsalu pabedi la Che Nasoro, n'kupeza botolo lobisidwa m'chitenje kuseri kwa kabati. Madzi akuda, makungwa akuyandama. Analikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Gadiyani wa bedi 3! Bwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

"Ndi madzi a mapemphero, asista."

"Mapemphero a makungwa? Mayi, ife tikutsuka bala, inu mukuthira zanu kuseri. Akafa muzidzati chipatala chapha. Magadiyani nonse imirirani, muone!"

Anawaimika a Aminatu pakati pa wodi, n'kuwayendetsa mpaka kusinki kuti akhuthule okha, anthu onse akuyang'ana. Mayi wamkulu, wa zidzukulu. Anabwerera nkhope ili pansi.

Ine ndinaseka. Osati mokweza, koma Che Nasoro anamva. Ndinawauza kuti anthu athu ndi otero: amabwera kuchipatala ndi mwendo umodzi, winawo anausiya kwa sing'anga. Mankhwala opanda mlingo, opanda dzina, wopanga wake sadziwa n'komwe kuti muli chiyani. Ndinalankhula nthawi yaitali ndithu, kuposa mmene ndalankhulira mlungu wonse uno. Iwo anangoti, "Mwaphunzira, a Kemisiti," n'kutembenukira kukhoma.

Joan anali atakhala pampando, akupinda ndi kupindanso kansalu kopukutira mbale. Ndinaganiza kuti watopa.

Loweruka, 21 Okutobala

CK 19,500. Siinatsike ndi theka, yangosuntha pang'ono. Kiriyatinini 441. Potaziyamu 5.6.

Nseru. Manja akulemera. Kukweza kapu ngati ndikukweza njerwa.

Adokotala afunsanso ngati pali china chimene ndikumwa. Ndati palibe. Ulendo uno ndi zoona.

Lamulungu, 22 Okutobala

Tsiku la alendo. Anthu amabwera kudzaona wodwala ngati akupita kumsika wa kaunjika: kugwiragwira, kufunsa, osatenga kanthu.

Amayi a kumpingo abwera asanu, ndi nthochi mkoko wathunthu ndi mapeyala. Zonse zoletsedwa. Ndinawauza. Mmodzi anati, "Zipatso sizinaphepo munthu," n'kuyamba kusenda. Anadya okha, anaimba nyimbo ziwiri, ndipo popemphera wina anapempha Mulungu kuti andichotsere mtima wokonda za dziko. Pochoka aliyense anasiya malangizo ake. Wina madzi a mandimu, wina adyo, wina dzina la m'busa wa ku Bangwe.

Kenako Peterson. Wabwera molunjika kuchokera kujimu kuti tione kabudula wake.

"Mani, mwatichititsa mantha. Komatu inunso, pa msinkhu wanuwu, mukanangopitiriza koyenda kanu kaja. Kanali bho."

Ndinamuyang'ana. Ndinali ndi mawu, abwino ndithu, ndinawakonza mpaka kumapeto. Ndinati, "Zoona, a Peterson. Zikomo pobwera."

Ndikamanyoza anthuwa ndimamva bwino kwa mphindi zingapo. Kenako ndimakumbuka kuti pa onsewa, amene wagona ndi paipi ndine.

Che Nasoro sanandilankhule chiyambire Lachisanu. Abale awo anabwera ndi mpunga wa nkhuku, anagawira wodi yonse, ine anandidumpha. Mwina chifukwa cha zoletsedwa zanga. Mwina ayi.

Lolemba, 23 Okutobala

CK 20,200. Yakwera. Kiriyatinini 470. Potaziyamu 5.9, andipatsa mankhwala otsitsa kudzera m'dripi.

Dokotala Amidu anakoka katani, n'kukhala pampando, chinthu chimene sanachitepo. Anamuitana Joan kuti amve nawo.

"Bambo Alfazema, sindikubisirani. Munthu akasiya simvasitatini n'kugona pabedi masiku asanu ndi limodzi, minofu imasiya kuphwanyika. Yanu ikuphwanyikabe. Pali matenda ena osowa, pomwe thupi limayamba kudya minofu yake lokha ngakhale piritsi mwasiya. Ndikuganiza kuti mwina ndi amenewo."

"Ndiye mutani?"

"Lachitatu tidula kachidutswa ka mnofu pantchafu kuti tikayeze. Zotsatira zimachedwa, ndiye sitidikira, tiyamba mankhwala amphamvu ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Sindikuwakonda pa munthu amene ali ndi paipi ndi impso zotere, matenda ena amalowerapo. Koma impsozi sizipirira mlungu wina. Zikapitirira apa, tikutumizani kumakina osefa magazi."

"Mpaka liti?"

"Ena milungu ingapo. Ena moyo wonse."

Joan anafunsa ngati ndingadye nsomba. Adokotala anati pang'ono. Ndinamuda Joan chifukwa cha funso limenelo, ndipo ndinawada adokotala chifukwa choliyankha.

Masana Joan atapita kukachapa, Che Nasoro anakhala tsonga, n'kutsitsa phazi lawo lomangidwa.

"A Kemisiti, katani si khoma. Ndamva zonse."

"Ndiye mwamva."

"Ine sindinapite kusukulu, ndiye mundikhululukire. Mankhwala opanda dzina aja munanena Lachisanu, ndi akuda okha, kapena ofiiranso?"

Sindinamve chimene amatanthauza.

"Akazi anu ndi akazi anga amakhala benchi imodzi pakhonde m'mawa uliwonse, chitseko chisanatsegulidwe. Aliyense ndi botolo lake. Anga amathira m'tiyi. Anu amatsegula timakapisozi tinayi, n'kuthira m'fulasiki, n'kukhutchumula. Anawauza anga kuti amene anawapatsa ndi mnyamata wa mikono uja."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimati ndi zovomerezeka, poti botolo lake ndi lachizungu. Komanso Lachisanu munalankhula bwino kwambiri, ndinaopa kukudulani."

Anagonanso. Patapita kanthawi anawonjezera, nkhope ili kudenga, "Musawakalipire. Amadzuka folo koloko."

Lachiwiri, 24 Okutobala

Joan anafika 6 koloko monga mwa masiku onse. Anatsegula fulasiki, n'kuthira m'mbale. Ndinaliyang'ana phalalo bwinobwino koyamba. Mawere sakhala ndi mtundu umenewo. Munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana mtundu wa mafuta m'kagalasi wamwa zimenezi masiku asanu osafunsa.

"Mayi a Martha, ndipatseni botolo."

"Botolo lanji?"

"Lili m'chikwama chanu."

Analitulutsa, atalikulunga m'jumbo ya shuga. Latsopano, latsala theka.

"Kochi anati poti achipatala akuletsani mapiritsi awo, mafuta abwerera mwamphamvu, akhoza kukugwetsani sitiroko ngati bambo anu. Anati ndiwonjezere akhale anayi."

"Ndiye inu mukumvera Kochi?"

"Ndikumvera inu, bambo a Martha. Si inu munabwera nawo kunyumba? Ndinakufunsani kuti kodi amenewa ndi abwino pamodzi ndi enawo, munati chiyani? Munati ndi achilengedwe, ndisamafunse zinthu zimene sindikuzidziwa. Munati inu ndi amene munapita ku yunivesite."

Ndinaterodi. Ndikukumbuka ndi pomwe ndinaima, pafupi ndi fuliji.

"Nanga bwanji mumabisa?"

"Inu munawauza adokotala kuti kulibe. Ndikanati kuli, wabodza akanakhala ndani? Ndiye Lachisanu lija..." Anayang'ana kusinki.

Ndinatembenuza botolo. Kutsogolo kuli chithunzi cha mzungu akuthamanga pamchenga. Kumbuyo, m'tizilembo ting'onoting'ono ta Chingerezi, akuti ndi mpunga wofiira wa yisiti, ndipo muli monakolini K. Ndinafufuza pafoni. Sizinanditengere mphindi ziwiri. Monakolini K ndi mankhwala a mtundu womwewo wa simvasitatini, amagwira ntchito mofanana, amavulaza minofu mofanana. Ndiye kuti milungu itatu ndinkamwa mankhwala amodzi kawiri, n'kukwera nawo phiri nditavala jumbo. Ndipo kuno, adokotala atasiyitsa awo, ife tapitiriza athu, pa impso zimene sizikutha kutaya kanthu.

Kuntchito ndimabweza migolo yathunthu chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika palebulo. Lebulo ili sindinaliwerengepo.

Phala tinalitaya. Joan analira mosatulutsa mawu, akutsuka fulasiki katatu.

"Muwauza?" anafunsa.

"Ndiwauza."

"Asista andiimika pakati."

"Sakuimikani."

Sindikudziwa kuti ndinalonjeza ndi mphamvu yanji.

Adokotala anabwera 9 koloko, ndi ophunzira atatu, ndi Sista Angelina atanyamula mafayilo. Anandiimirira mozungulira. Dokotala Amidu anawafotokozera ophunzirawo kuti nkhani yanga ndi yosowa, mwina sadzaionanso m'moyo wawo wonse, ayang'anitsitse. Mmodzi analemba mothamanga. Anandipinda mwendo, anandiuza kuti ndikankhe dzanja lawo.

"Pali funso, bambo?"

Botolo linali pansi pa pilo, likundibaya pakhosi. Sista anali pomwepo. Joan anali kuseri kwawo, atagwira chikwama ndi manja awiri.

"Palibe, adokotala."

Anapita pabedi 5.

Che Nasoro anangoyamwa mano, kamodzi, motalika.

Masana onse ndakhala ndikudzinamiza mwaluso. Ndati poti tasiya, CK itsika yokha, adzaona okha, nkhani idzatha popanda wochita manyazi. Koma magazi ayezanso Lachinayi, ndipo mpeni ndi mankhwala aja ndi mawa. Ndati mwina matenda osowawo ndili nawodi, makapisozi angokumana nawo. Ndinapeza kuti ndikulakalaka zitakhala choncho. Munthu wa zaka 47, bambo wa mwana wa ku koleji, akulakalaka matenda oopsa kuti asaoneke chitsiru. Matenda osowa ali ndi ulemu wake, ophunzira amawalemba m'makope. Kumwa zogula kujimu kulibe.

Ndanyoza Kochi, ndanyoza Peterson, amayi a nthochi, a Aminatu ndi makungwa awo. Onsewo amakhulupirira zimene amachita. Ine ndekha ndi amene ndikudziwa, ndipo ndagonera botolo.

Alowa malita awiri ndi theka, atuluka 1,300 ml.

Lachitatu, 25 Okutobala

Andiletsa kudya chiyambire usiku. Ntchafu yakumanja aimeta, ajambulapo kamtanda ndi cholembera.

Sista Angelina wabweretsa fomu yoti ndisaine kuvomera kudulidwa ndi kuyamba mankhwala. Waisiya pabedi ndi cholembera chake. Akuti adokotala abwera okha 8 koloko kudzaitenga, ophunzira ali ndi mayeso.

Ndinayesera kunena mawuwo chamumtima, kuti ndione ngati atuluka. Amathera pa "Adokotala, pali kanthu kena." Ndikudzidziwa. Akandiyang'ana pamwamba pa magalasi ndidzafunsa za nsomba.

Ndamuuza Joan chimene ndichite. Wati, "Mwalembamo za ine?"

"Ndalemba."

"Zoipa?"

"Zoipa kwambiri ndi za ine."

"Ndiye apatseni." Wapita kukakhala pakhonde ndi a Aminatu. Ndikuwaona pawindo, benchi imodzi.

Che Nasoro andibwereka kampeni kawo kosendera malalanje kuti ndidule masambawa bwinobwino m'kope. Akuti ndikang'amba ndi manja anga onjenjemerawa, adokotala aziyesa ndi zokulungira mandasi.

Dokotala Amidu, izi ndi zanu. Munandifunsa kawiri, ndipo pa tsiku loyamba ndinakunamizani. Makapisozi ndinayamba pa 25 Seputembala, awiri patsiku pamodzi ndi simvasitatini, mpaka pa 16 Okutobala. Kuyambira pa 19 mpaka pa 23 ndamwa anayi patsiku m'phala. Dzulo ndi lero sindinamwe. Botolo ndi ili, muwerenge kumbuyo. Ngati mutawerenga mukuonabe kuti mudule, ndisaina. Mkazi wanga anachita zimene ndinamuphunzitsa ine, ndiye ngati pali woti aimitsidwe pakati pa wodi, mundidzutse ndi paipi yanga yomweyi. Muli zonyoza zambiri m'masambamu. Ndinalibe nthawi yozifufuta, ndipo mwina ndi bwino mudziwe munthu amene mukumuchiza.

Ndikumva nsapato zanu pakhonde. Fomu ili apo, yosasaina. Masambawa ndikuwapinda pawiri, botolo pamwamba.